Nkhuni za Apongozi ndi Galimoto ya Kampani

Zaka khumi ndi chimodzi ndinali dalaivala wa pikapu yoyera pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, choncho ndikamanena za apolisi ndimanena ngati munthu amene anawanyamula. Ena amawadziwira pamsewu akaimitsidwa, ena pa kauntala akapita kukadandaula. Ine ndinawadziwira pampando wa kumanzere kwanga, pomwe ankakhala atavula chipewa, akudya nthochi zanga.

Ntchito yanga yeniyeni inali kunyamula makalata, mankhwala a m'munda ndi mabwana ang'onoang'ono. Koma esiteti ikakhala ndi nkhani, kaya waya wa mpanda wadulidwa, kaya paipi yothirira yasowa, mkulu wa alonda ankangondikodola n'kunena kuti, "Katengeni boma." Ndinkaliza galimoto ulendo wa ku kapolisi ka pamsika wa kuno. Galimoto yawo inalipo, tisawanamizire. Inali kuseri kwa ofesi itakhala pa njerwa, matayala kulibe, ndipo nkhuku za mkazi wa wapolisi wina zinkaikira mazira pampando wa dalaivala.

Amene ndinkawanyamula kawirikawiri anali a sajeni, bambo wonenepa wochokera kuchigawo chapakati, woseka ndi thupi lonse. Sanali munthu woipa ayi. Panjira ankandiuza za nyumba yawo yodontha, za mwana wawo amene ankafuna kuphunzira unamwino, za mafuta a galimoto amene ankangowamvera m'malonjezo.

"Adalaivala, anthu amati apolisi ndife aulesi," ankatero akusenda nthochi. "Tiyende pa chiyani? Munthu akabwera ndi dandaulo lake kuchokera kuphiri uko, ndimufunse chiyani ngati si thiransipoti?"

Ine ndinkavomera, chifukwa zinkamveka zoona. Komanso ndisabise, ntchitoyi inkandikoma. Tikamadutsa m'midzi, yunifolomu ili pambali panga, abambo ankatsika panjinga, amayi ankapatuka ndi ndowa zawo, ndipo ine ndinkatulutsa chigongono pawindo ngati ulemu wonsewo ndi wanga. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Ine ndinkati palibe.

Kwathu ndi kwina, kuno ndinabwera ndi ukwati. Ndinamanga nyumba pamudzi pa mkazi wanga monga amachitira mkamwini aliyense wa kuno, m'mudzi wopanikizika pakati pa tiyi ndi msewu. Mukaima pakhomo pathu, tiyi amayambira pomwe wathera mzere womaliza wa chinangwa, n'kumapita mpaka m'tsinde mwa phiri. Apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, amuna awo anamwalira kalekale. Mayiwo anali Mlomwe wosunga mwambo, makolo awo anachokera kutsidya ku Mozambique, ndipo akakwiya Chichewa chinkawathawa pakamwa.

Achinyamata a masiku ano amadyera mbale imodzi ndi apongozi awo, mwinanso kujambulitsa nawo pafoni atakolekana mikono. Kwa mayi aja zimenezo kunalibe. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, sakhala pamphasa imodzi, sadyera pamodzi. Tikakumana panjira mmodzi ankapatukira kutchire, ndipo moni tinkapatsana chammbali, ine nditanjuta, iwo atagwada, aliyense akuyang'ana kwake. Si udani umenewu, ndi ulemu. Ndipo mwambowu uli ndi pothera pake. Apongozi akakhutira nawe amakuphera nkhuku n'kukuitana kuti mudye pamodzi, manyazi n'kuthera pomwepo.

Akamwini anzanga awiri pamudzipo nkhuku zawo anadya kalekale, mmodzi mwa iwo chidakwa chodziwika mpaka ku Chonde. Ine zaka khumi ndi zinayi, ana atatu, nkhuku osaiona. Malata a nyumba ya apongozi ndinakhoma ndine. Feteleza wa m'munda mwawo ankachokera m'thumba mwanga. Zinkandiwawa kwambiri, ngakhale pagulu ndinkachita ngati sindikusamala. Ndikamufunsa mkazi wanga ankangoti, "Amayi amati inu ndinu munthu wa kampani."

Mawu amenewa anali ndi pochokera. Apongozi anali ndi kamunda ka zinanazi kumtunda, kamene kankawapatsa mchere ndi sopo. Chaka china, zinanazi zitangoyamba kupsa, anthu anakolola munda wonse masana dzuwa likuswa mtengo, tsiku limene mudzi wonse unali kumaliro. Amene anachita zimenezi ankadziwika, chifukwa anawaona akukweza matumba pa siteji ya minibasi. Apongozi anavala nsalu yawo ya kutchalitchi n'kuyenda wapansi maola awiri kupita ku polisi. Atabwerako madzulo anafotokozera mwana wawo, mkazi wanga, ndipo iye anandifotokozera ine.

A sajeni anawafunsa kuti, "Mayi, thiransipoti muli nayo?"

"Ndili ndi miyendo, ndi imene ndabwerera," anayankha apongozi.

"Ndiye mukawagwira anthuwo mubwere nawo kuno."

Patapita masiku awiri ndinawanyamula a sajeni omwewo kukafufuza za paipi ya esiteti imene inasowa kudamu. Msewu wake umadutsa m'mbali mwa munda wa zinanazi uja. Apongozi anali momwemo, akutola zitsinde zimene akuba anapondaponda. Anaweramuka atamva galimoto, n'kutembenuka msanga atazindikira kuti ndi yanga. Kunali kungoponda buleki n'kunena kuti, "Bwana, munda uja ndi uwu, mphindi zisanu zokha." Sindinanene. Ndinayang'ana kutsogolo n'kusintha giya, ndipo paipi ya kampani tinaipeza tsiku lomwelo.

Tsopano za nkhuni. Esiteti ili ndi nkhalango ya bulugamu, mitengo yake ndi yosonkhera moto kufakitale. Kuyambira kale amayi a m'midzi yozungulira ankaloledwa kulowamo Lachitatu lililonse kukatola nthambi zouma zogwa zokha, opanda nkhwangwa, opanda chikwanje. Palibe amene ankafunsa kuti chilolezocho chinalembedwa pati. Lachitatu linali tsiku la nkhuni monga momwe Lamulungu lilili tsiku la tchalitchi. Kenaka kunabwera bwana watsopano amene anati zimenezi zithe. Chidziwitso chake anachimata pa bolodi ya kuofesi, m'Chingerezi, mkati mwa geti momwe mayi wotola nkhuni sanapondemo chibadwire. Ine ndinachiwerenga Lolemba. Ndinati ndikanena kunyumba, koma ndinaiwala.

Lachitatu lake kunacha ndi chiperoni, kamvula kosalekeza kaja, phiri osaoneka. Cha m'ma naini koloko mkulu wa alonda anandikodola. "Katengeni boma, tagwira wakuba mitengo." Ndinapita mokondwa ngati masiku onse. A sajeni anakwera, unyolo uli m'chiuno, nsapato zikuwala, ndipo mkulu wa alonda tinamutengera pageti kuti atilondolere.

Titafika m'mphepete mwa nkhalango tinapeza mitolo ya nkhuni ili mbwee, eni ake atathawa. Alonda awiri anaima ndi zibonga zawo, akuoneka ngati akufuna kukhala kwina. Pakati pawo panali mayi mmodzi yekha amene sanathawe. Anakhala pa mtolo wake atatipatsa msana. Chitenje chimene anafunda ndinagula ndine kumsika wa Chinakanaka, n'kutumiza kudzera mwa mkazi wanga. Nkhope ya apongozi anga sindinkaidziwa bwino, koma msana wawo ndinkaudziwa kuposa wa munthu wina aliyense.

A sajeni anatsika, akulumpha matope. "Agogo, dzukani. Kwerani kumbuyoku ndi mtolo wanuwo, umenewo ndiye umboni."

"Sindikwera," anatero apongozi, akuyang'ana mtengo umene unali patsogolo pawo.

"Mukukana kumangidwa?"

"Kumangidwa sindikukana, bambo. Ndimangeni. Koma galimoto iyo akuyendetsa ndi apongozi anga. Ine sindingakhale kumsana kwawo, iwo n'kumandiona pagalasi."

A sajeni anaseka mpaka kugwira bondo. Anatembenukira kwa ine, ndidakali pa chiwongolero. "Adalaivala, n'zoona zimenezi? Ndi apongozi anu?"

"N'zoona, bwana."

"Ndiye vuto lili pati? Pindani galasilo, musawaone."

Anaseka okha. Alonda awiri aja anali ana a m'midzi yomweyi, ndipo anangoyang'ana pansi.

Apongozi analankhulanso, osakweza mawu. "Ndiyenda wapansi. Njira ya ku polisi ndikuidziwa, ndinapitako zinanazi zanga zitabedwa. Munandifunsa thiransipoti, bambo. Lero mwaipeza kuti?"

Kuseka kwa a sajeni kunathera panjira. Mkulu wa alonda ndiye anapsa mtima. Anali munthu wamfupi woopa bwana watsopano kuposa imfa, ndipo ankafuna kukaonetsa kuofesi kuti chidziwitso chija chagwira ntchito. "Tisataye nthawi apa. Alonda, anyamuleni muwakweze. Dalaivala, liza galimoto!"

Chitokosi cha pa kapolisi kaja ndinkachidziwa, chifukwa ndinatulako anthu ambiri. Simenti yozizira, chidebe pakona, kawindo kongokwana dzanja. Ndinkadziwanso chotsatira chake: kugona momwemo, kenaka ulendo wa kukhoti ku Boma, mayi wa msinkhu umenewo akuimikidwa pagulu ngati mbava chifukwa cha nthambi zimene mphepo inagwetsa. Ndipo wowatula pakhomo pa chitokosicho akanakhala ine, atakwezedwa ngati thumba la chimanga pa galimoto yanga. Mbali inayi kunali ntchito, malipiro a mwezi ndi mwezi, sukulu ya ana. Ndinachita mantha, ndipo amene anganene kuti sakanachita mantha ndi wabodza. Koma wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Ndinazula makiyi n'kutsika. Ndinawaika m'dzanja la mkulu wa alonda, ndinayenda mapazi khumi chammbali, n'kunjuta m'matope momwemo, nkhope nditalozetsa kutiyi monga mwa nthawi zonse.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka, bambo, kaya inu?" anayankha apongozi, atatsika pamtolo n'kugwada.

"Tadzuka."

"Zikomo."

Mkulu wa alonda anayang'ana makiyi ali m'manja mwake ngati ndamupatsa njoka. Kuyendetsa sankadziwa. A sajeni ankadziwa, koma lamulo la kampani yomweyo linkati galimoto yake asagwire munthu wina kupatula dalaivala wake, ndipo wolondera lamulolo anali mkulu wa alondayo. Anaimba foni kuofesi kupempha galimoto ina. Anamuyankha kuti malole ndi mathirakitala onse akututa masamba kupita kufakitale, ndipo tiyi wothyola sadikira munthu. Anaimbanso kufuna dalaivala wina, anamuuza kuti ali ku Blantyre. Mkuluyo anandilalatira, anandiopseza, kenaka anandinyengerera. Ine ndinali chinjutire.

Pamenepo apongozi anadzuka. Anapinda nkhata, anadzitwika mtolo wawo popanda wowathandiza, n'kuyamba kuyenda kulowera njira ya ku polisi. Atayenda pang'ono anaima.

"Tiyeni, bambo apolisi. Ndi kutali, ndipo ine ndimayenda pang'onopang'ono."

Ndinawaona a sajeni akuwerengera mumtima. Maola awiri m'chiperoni, m'matope ofiira a m'tiyi, kenaka kudutsa pakati pa msika, iwo ndi mimba yawo ndi unyolo wawo akulondola nkhalamba yosenza nkhuni. Anayenda ndithu mapazi angapo, nsapato zowala zija zikumira. Kenaka anaima n'kunena kuti, "Agogo, tatulani kaye mtolowo."

Anaumasula n'kuyamba kutembenuza nthambi imodziimodzi. Mawu awo anasintha, anakhala a munthu amene ali pantchito.

"Nkhwangwa ili kuti?" anafunsa alonda.

"Analibe, bwana."

"Chikwanje?"

"Analibe."

"Pali mtengo wauwisi apa? Ndionetseni chitsa chimene adula."

Chitsa panalibe. A sajeni anatembenukira kwa mkulu wa alonda. "Amayi awa akhala akutola nkhuni muno Lachitatu kuyambira liti?"

"Kuyambira kale, koma bwana analetsa. Chidziwitso chilipo."

"Chili kuti?"

"Kuofesi."

"Kumidzi munakanena? Kutchalitchi analengeza? Pano pali chikwangwani?" Anadikira pang'ono, n'kupukusa mutu. "Nkhani iyi ilibe mutu. Ndikapita nayo kukhoti akandiseka. Agogo, mangani nkhuni zanu muzipita kwanu."

Apongozi anamanga mtolo wawo mosafulumira, anasenza, n'kulowera njira ya kumudzi. Sanathokoze munthu.

Mafunso aja ndakhala ndikuwaganizira zaka zonsezi. Anali mafunso abwino, a wapolisi wodziwa ntchito yake, ndipo a sajeni sanawaphunzire m'mawa umenewo. Anali nawo m'mutu pamene tinkanyamuka ku polisi, anali nawo pamene ankati agogo kwerani. Ndinawanyamulapo maulendo osawerengeka kukatenga anthu ogwidwa ndi alonda, ndipo sindinawamvepo akufunsa chitsa. Tikafika, wogwidwa ankakwera kumbuyo, mafunso ankakafunsidwa munthu ali kale m'chitokosi. Tsiku limenelo anafunsa chifukwa anatsala ndi miyendo yawo yokha, ngati apongozi anga tsiku la zinanazi.

Galimoto inatsala pomwepo ndi mkulu wa alonda akuilondera. Ine ndi a sajeni tinayenda limodzi mpaka kumsewu waukulu kuti akapeze njinga ya kabaza. Ankapuma mwa befu, thalauzi ili matope mpaka m'maondo.

"Mwandiyendetsa lero, adalaivala," anatero. Sanali okwiya. "Mukudziwa kuti ntchito yanu yatha?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Apongozi anu aja ndi ovuta."

"Ndi a mwambo."

Kenaka anati, "Za zinanazi zija ndikuzikumbuka."

Kalata inatuluka Lachisanu, yonena kuti ndinakana kumvera lamulo la wondiyang'anira. Sindinatsutse, chifukwa zinali zoona. Ndalama zimene anandipatsa pochoka ndinagulira njinga yamoto, ndipo mpaka lero ndine wa kabaza. Apolisi ndimawanyamulabe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano wondituma amakhala mayi amene mbuzi yake yabedwa, kapena mudzi umene wasonkherana ndalama za mafuta chifukwa wina wavulazidwa. Wapolisi amakwera kumbuyo kwanga n'kundigwira m'chiuno, ndipo amapita kumene ndikupita. Ndiye munthu akandifunsa kuti apolisi ndi a ndani, sindichedwa kuyankha. Pamapepala ndi a tonse. Pamsewu ndi a amene wabwera kudzawatenga, ndipo kuno amene ali ndi galimoto yodzadza mafuta tsiku lililonse tonse tikumudziwa. Esiteti inalemba dalaivala wina sabata yomweyo. Sindinasinthe dziko, ndinangochotsapo manja anga.

Koma ndathamangira kutsogolo. Lamulungu la sabata imene ndinachotsedwa ntchito ndinali pakhonde, ndikuganiza kuti ana ndiwauza chiyani za fizi. Mkazi wanga anabwera akupukuta manja pachitenje, nkhope yake ikuoneka yachilendo.

"Amayi akukuitanani."

"Akuti ndiwachitire chiyani?"

"Akukuitanani inuyo. Kunyumba kwawo."

Ndinavala malaya a kutchalitchi. Nditafika ndinanjuta patali, pafupi ndi nkhokwe, pamalo anga a masiku onse. Pakhonde panali mphasa yatsopano, beseni la madzi ndi mbale ziwiri zovundikira. Nthenga za tambala wawo wofiira zinali kuseri kwa khitchini.

"Fikani pamphasa pano, bambo," anatero apongozi.

Ndinafika n'kukhala pakona penipeni, maso ali pa zala za kumapazi kwanga. Iwo anavundukula mbale. Mu ina munali kalongonda, nyemba zija za Alomwe, mu ina nkhuku yathunthu, nthutumba yake ili pamwamba.

"Tayang'anani kuno."

Ndinadzutsa mutu. Zaka khumi ndi zinayi ndinakhala pamudzi pawo, ndipo tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti ali ndi mpata m'mano akutsogolo, wofanana ndendende ndi wa mwana wanga wamkazi womaliza. Ndinkadabwa nthawi zonse kuti mwanayo anautengera kwa ndani. Misozi inalengeza m'maso mwanga, bambo wamkulu ndevu pepeya, ndipo sindinaibise.

"Amayi, pali chimene ndiyenera kunena," ndinatero. "Chidziwitso choletsa nkhuni chija ndinachiwerenga Lolemba. Ndinaiwala kunena kunyumba. Simukanapita."

"Ndikanapitabe," anatero akundithirira madzi m'manja. "Lachitatu ndi la nkhuni."

Ananyema ntchafu ya nkhuku n'kuiika mbali yanga ya mbale.

"Nkhuku iyi inachedwa, ndikudziwa. Malata munakhoma, ndinaona. Koma munthu ali m'galimoto ya eni ake sungamudziwe kuti ndi wa kuti. Ndinkadikira kuti mutsike. Idyani, bambo, izizira."